Penti Wasiliva pa Hinjesi Yong'aluka

Pakhomo pa bambo Alufeyo Tembo, kwa Mlonyeni, choyamba kulandira dzuwa sichinali denga kapena mtengo wa mango, koma mlongoti wawo wa wailesi. Unali wa mapaipi achitsulo, wautali kuposa bulugamu aliyense m'deralo, ndipo pamwamba pake panali eriyo yotambalala ngati phaso la nyumba yosafolera. Anthu opalasa njinga kupita ku Boma ankautenga ngati chizindikiro cha njira. Mlendo akasochera ankangouzidwa kuti ayang'ane kumwamba, akaona chitsulo cha a Tembo akhotere kumanzere.

Wailesi ya bambo Tembo sinali yomvera nyimbo kapena mauthenga a maliro. Inali yolankhulirana ndi anthu akutali, anzawo okonda luso lomwelo, ndipo chiphaso chake cha boma anachiika m'galasi pakhoma. Atapuma pantchito yokonza matelefoni, anamanga mlongotiwo ndi manja awo, paipi imodziimodzi, kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Madzulo aliwonse, dzuwa likapendeka, ankalowa m'kachipinda kawo, n'kuvala zomvera m'makutu, n'kuyamba kupotokola kabatani pang'onopang'ono. Poyamba kunkangomveka phokoso longa mvula yowaza pa udzu. Kenaka m'kati mwa mvulayo munkatuluka mawu: woyendetsa bwato ali pakati pa nyanja yamchere, mphunzitsi wa kudziko kumene madzi amauma ndi chisanu, nkhalamba ina yotsokomola pachilumba chimene ngakhale pamapu chimavuta kuchipeza. Zikatero bambo Tembo ankatsinzina, thupi lili kwa Mlonyeni koma mtima ukuyandama pamwamba pa mitambo.

Akazi awo, mayi Consolata, anazolowera. Ankauza anzawo akumpingo kuti iwo anakwatiwa ndi munthu wathunthu, koma masiku ano akukhala ndi khutu lokha.

Mwa mawu onse amene ankabwera ndi mphepo, panali amodzi amene bambo Tembo ankawadikira ngati mvula yoyamba. Anali a Dickson Daka, mkulu wina wa ku Ndola m'dziko la Zambia. Lamulungu lililonse, 4 koloko ikakwana, awiriwa ankapezana pamalo amodzimodzi a wailesi n'kucheza mpaka mawu atayamba kuzilala. Anachita zimenezi kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi osaonanapo maso ndi maso. Manambala a foni anapatsana, koma onse ankati foni ndi ya anthu othamanga. Ndipo tinene zoona, pofotokoza za mlongoti wawo bambo Tembo ankathira nsinjiro. Wabodza sanali, koma m'mawu awo mlongotiwo unkatalika chaka ndi chaka, ndipo unkanyezimira ngakhale kuli mitambo.

Mlongotiwo sunali wokwera ayi, unkachita kugonekedwa. Patsinde pake panali hinjesi, yofanana ndi ya chitseko koma yaikulu: makutu awiri achitsulo owotcherera pachitsulo chophwatalala chomangidwa mu simenti, ndi pini yonenepa ngati mpini wa khasu yopyoza makutu onse awiri. Munthu akamapukusa winchi, chingwe cha waya chinkamasuka pang'onopang'ono, mlongoti n'kumawerama mpaka kugona paphanda la mtengo. Pofuna kuteteza hinjesiyo ku mvula, bambo Tembo anaikulunga ndi mphira za tchubu, zomwe zija timamangira katundu panjinga. Anakulunga mwaluso, n'kuiwalako zaka zambiri. Sanaganize kuti madzi amene apeza polowera m'mphira sapezanso potulukira.

Lamulungu lina m'mwezi wa Sepitembala, a Daka anabwera ndi nkhani.

"Ba Tembo, mvelani. Nibwela ku Chipata ku ukwati wa mwana wa mlongo wanga. Pa Mande ya sabata ya mawa nizaoloka pa boda ya Mwami, nifike pa nyumba panu. Nifuna nikaziwe mlongoti uja mwanisokosela nawo zaka zonse izi."

Bambo Tembo anatuluka m'kachipindako akuyenda ngati mnyamata. Koma atakweza maso, chimwemwe chinachepa. Mlongoti umene unkanyezimira m'mawu awo unali wotuwa, wamathothomathotho a dzimbiri ndi zitosi za akhwangwala. M'mawa mwake anakwera njinga kupita ku Boma, n'kubwerako ndi zitini ziwiri za penti wasiliva.

Akuugoneka kuti aupake, mlongoti uli pakatikati pa ulendo wake wotsika, patsinde panamveka kaphokoso kakang'ono kakuti "kha!" Bambo Tembo, amene ankatha kutola mawu a munthu ali kutsidya kwa nyanja, akuti sanamve kanthu. Mayi Consolata, amene ankasenda mtedza pakhonde, anamva bwinobwino. Sanakangane nawo. Anangotenga foni n'kuimbira Stelia Mwale, mayi wowotcherera zitsulo wa pa Boma, yemwe anawapangira mafelemu a mawindo.

Stelia anafika Lachiwiri panjinga yamoto, chikwama cha zipangizo kumsana. Anapereka moni mwaulemu, n'kugwada pa hinjesi. Atadula mphira zija ndi mpeni, munatuluka madzi akuda onunkha, ngakhale kuti mvula inali itasiya miyezi isanu yapitayo. Anapala dzimbiri ndi bulashi yawaya, kenaka anatenga kahamala n'kugogoda khutu lakumanzere. Linalira "ngwee", mawu ake n'kukhalitsa m'mphepo. Anagogoda lakumanja. Linangoti "du", basi.

"Mwamva, bambo?" anafunsa Stelia.

"Chitsulo chilichonse chili ndi mawu ake," anayankha bambo Tembo, akuyang'ana kumbali.

Stelia anapempha palafini pang'ono. Anathira pamene khutu lakumanja linawotcheredwa, anadikira kuti alowerere, n'kupukuta mpaka pouma. Atatero anapaka choko choyera ponsepo, nakhala pansi. Onse atatu anaika maso pachitsulo. Posakhalitsa pachoko paja panayamba kuoneka kamzere konyowa, kowonda ngati tsitsi. Kanayenda mwakachetechete, kakukhota, mpaka kutsala pang'ono kufika kumapeto a khutulo.

"Palafini analowa mumng'alu, ndiye akubwerera yekha," anatero Stelia. "Khutu ili latsala ndi kachala kamodzi kogwira. Mlongoti ukakhala chilili, umapumira pa simenti ndi pazingwe zake. Koma poudzutsa ndi pougoneka, kulemera konse kumatsamira pa makutu awiriwa, ndipo limodzi lafa kale."

"Ndiye ingodonthezapo moto pamwamba, mwanawe. Ntchito ya ola limodzi imeneyo."

"Pepani bambo, zimenezo sindingachite. Kuwotcherera padzimbiri n'kusokerera chigamba pansalu yofumbwa. Pafunika makutu atsopano ndi pini yatsopano, ndipo chitsulo chochindikala chotere ndikachipeza ku Lilongwe. Ndipatseni masabata awiri. Pakali pano ugone pomwepa, usadzuke."

Masabata awiri! A Daka anali kubwera m'masiku asanu ndi limodzi. Bambo Tembo anadziona m'maganizo akulandira mnzawo wa zaka zonsezi, n'kumulozera chitsulo chogona m'fumbi pakati pa nkhuku. Manyazi anawagwira asanaone n'komwe mlendoyo, ndipo manyazi a munthu wamkulu sachedwa kusanduka ukali.

"Mlongoti uwu ndinaumanga iwe ukuyamwa," anatero. "Lero undiphunzitse ndi choko, ngati ndili sitandade wani?"

Stelia analongedza zipangizo zake, natsanzika. Ali panjinga, anaitana mayi Consolata n'kuwanong'oneza kuti: "Amayi, akakakamira, inu muonetsetse chinthu chimodzi chokha. Pasakhale munthu pansi pake, ngakhale mbali mwake."

Madzulo omwewo bambo Tembo anasakaniza fila, phala lija amamatira galimoto zophwanyika, n'kumata pamng'alu. Litauma analisalaza ndi sandipepa mpaka chala chosamva polumikiza. Anapaka penti kawiri, kuyambira ku eriyo mpaka ku hinjesi, akuimba nyimbo za kwaya chapansipansi. Mayi Consolata anayesa kulankhulapo kamodzi.

"Abambo, kodi a Dakawo akubwera kudzaona inu kapena chitsulo?"

"Amayi, nkhani za mawailesi muzisiyire eni ake."

Loweruka anapukusa winchi. Mlongoti unadzuka mobuula, ukunjenjemera, mpaka unaima njo. Choipa chake n'chimenecho, kuti unadzuka. Ukanakana tsiku limenelo, bwenzi nkhani ino itathera pa kuseka. Bambo Tembo anamanga zingwe zake, anabwerera m'mbuyo, n'kuima manja m'chiuno. Kunali utsi wa lupsa wa mwezi wa Sepitembala, mapiri akuoneka ngati akusungunuka chapatali, ndipo pakati pa utsiwo mlongoti unkang'anima monga momwe ankaufotokozera zaka zonse zija. Kwa nthawi yoyamba, nsinjiro ndi ndiwo zinafanana.

"Mukamuuze mwana wanu wa choko uja," anatero kwa akazi awo, akuseka.

Lolemba chakum'mawa, galimoto yaing'ono ya nambala ya ku Zambia inaima pabwalo. Bambo Tembo anali atavala jekete, ataima dala pamalo oti mlendo akangotsika aone iwo ndi mlongoti nthawi imodzi. Woyendetsa anali mayi wachitsikana, amene anadzitchula kuti ndi Princess, mwana wa a Daka. Anazungulira n'kutsegula chitseko chinacho. Munatuluka kaye ndodo yoyera, kenaka mkulu wamtali wa imvi, atavala magalasi akuda. Nkhope yake inaloza kumene kunalibe munthu.

"Takulandirani kwa Mlonyeni," anatero bambo Tembo.

Mkuluyo anatembenuka msangamsanga, nkhope yonse itawala. "Awo ni mawu ya ba Tembo! Ningayaziwe olo pakati pa msika!"

Anakumbatirana nthawi yaitali, nkhalamba ziwiri zikulira ndi kuseka pamodzi. Atakhala pansi pakhonde, a Daka anafotokoza okha. "Maso yanasila kudala, zaka twelofu manje. Matenda ya shuga. Sininakuuzeni chifukwa pa wailesi maso yalibe nchito. Kuja tonse ndise olingana."

Bambo Tembo anayang'ana mlongoti wawo wonyezimira, n'kuyang'ana magalasi akuda a mnzawo. Masiku onse aja a penti, ukali uja kwa Stelia, zonse anachitira maso amene kunalibe. Munthu wanzeru akanaseka pomwepo n'kuulula. Koma amene wayamba kubisa chinthu amavutika kupeza polekezera.

Anamwa thobwa, anadya mtedza wokazinga, anakumbutsana mausiku a mphepo yoipa ndi masiku amene mawu ankamveka ngati ali m'chipinda chimodzi. Dzuwa litapendeka, a Daka anaimirira.

"Manje nipelekeni ku mlongoti."

Anaupapasa ndi manja onse awiri, kuyambira pamene mkono unafika mpaka pansi. Anagwada movutikira, n'kupeza hinjesi. Kenaka, mwa chizolowezi cha munthu amene makutu ndiwo maso ake, anagogoda ndi nsonga yachitsulo ya ndodo yawo. Khutu lakumanzere linalira. Lakumanja linati "du". Anagogodanso, mutu atapendeketsa.

"Ba Tembo, apa palila monga poto yong'ambika."

"Ndi penti ameneyo, achimwene. Ndathira wochindikala."

"Ngati mwakamba imwe, ni momwemo," anatero a Daka, popeza mawu amenewo anali asanawanamizepo chiyambire. "Manje ugonekeni. Eriyo ija munapanga na manja yanu, nifuna niigwileko na manja yanga. Niye chamene nabwelela."

Mayi Consolata anayandikira amuna awo. "Abambo, auzeni," ananong'ona.

Bambo Tembo anayang'ana a Daka ndi Princess. Akanati chiyani? Kuti angomunamiza mnzawo pamaso pa mwana wake? Anadziuza kuti chimene chinadzuka Loweruka chingagonenso Lolemba. Anavula jekete, anamasula zingwe za m'mbali, nagwira chopukusira cha winchi. Mayi Consolata sanataye nthawi. Anagwira a Daka dzanja, anakodola Princess, n'kupita nawo kuseri kwa mzati wa khonde, akunamizira dzuwa.

Mlongoti unayamba kuwerama. Unkatsika mwaulemu, pang'onopang'ono, eriyo ikusambira mumlengalenga wotuwa, kuwala kwa siliva kukuyenda pamapaipi. Winchi inkangoti "ke, ke, ke". Kwa kanthawi bambo Tembo anaiwala mantha. Zinkaoneka ngati maloto abwino, aja amene munthu amauluka osadziwa kuti wauluka bwanji. A Daka anali atakweza nkhope, akumwetulira, akumvetsera kulira kwa waya.

Utafika pakatikati, patsinde panaphulika phokoso longa mfuti. Khutu lakumanja linathothoka, pini inatumphuka, tsinde la mlongoti linakankhikira m'mbali n'kudutsa pafupi ndi bondo la bambo Tembo. Chitsulo chonsecho chinapotokola mumlengalenga, chinaphonya phanda lake, n'kugwera chammbali pamizere ya munda wouma. Pogwa chinakoka chingwe cholowa m'kachipinda kaja, ndipo m'nyumba munamveka kugwa kwa chinthu cholemera. Inali wailesi, itachoka patebulo n'kumenyetseka pa simenti.

Fumbi linakwera, n'kuyamba kutsika mwaulesi. Nkhuku zinali zitabalalika.

"Kuli wamene wapweteka?" anafuula a Daka.

"Palibe, atate," anayankha Princess. "Tonse tili bwino."

Mkuluyo anapempha kuti amutsogolere kumunda. Anagwada pamizere, n'kuyamba kupapasa eriyo yophwanyikayo, ndodo zake zopindika, mfundo zake zomangidwa mosamala. Anaitsata yonse ndi zala, osafulumira. "Inali yabwino, ba Tembo," anatero. "Simunaname. Manja yanu yali na luso."

Kenaka anabwerera ku hinjesi. Pothyokapo, penti anasendeka m'manja mwawo ngati khoko la nthochi, fila anagumuka, ndipo pansi pake dzimbiri linanyenyeka n'kusanduka ufa. A Daka ananunkhiza zala zawo. Penti anali asanathe n'komwe fungo.

"Munaziwa?"

Bambo Tembo anaweramitsa mutu. "Ndinadziwa. Wowotcherera anandionetsa Lachiwiri."

"Nanga n'chifukwa chani?"

"Ndimafuna muupeze utaima."

A Daka atayankha, mawu awo analibe mkwiyo, ndipo n'chimene chinapweteka kwambiri. "Mukananiuza kuti wagona, sembe nakondwela. Wogona niye wamene ningaugwile. Woimilila uja, ine ningauchite chani?"

Potsanzikana, a Daka anagwira dzanja la mnzawo ndi manja awiri, n'kulonjeza kuti Lamulungu adzaitana monga mwa masiku onse, kaya kuli woyankha kaya kulibe.

Stelia anabwera m'mawa mwake, ataitanidwa ndi mayi Consolata. Anayenda kuzungulira mapaipi opindikawo, akugogoda apa ndi apo. Sananene kuti ndinakuuzani, ngakhale anali ndi ufulu wonse wotero. Bambo Tembo anamupepesa pamaso pa akazi awo, chipewa chili m'manja.

"Palibe kanthu, bambo," anatero Stelia. "Koma ndinene zoona. Hinjesi ndikanaikonza. Mlongoti uwu sindingaudzutsenso, mapaipi athyokera m'mfundo. Mwina tipangepo geti."

Wailesi nayo inali itafa mbali yolankhulira, ndipo zipangizo zake zinasiya kupangidwa kalekale. Bambo Tembo anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri ndi zinayi. Ankadziwa okha kuti zaka zina zisanu ndi chimodzi zotolera paipi imodziimodzi, msana wawo sungazipirire.

Lamulungu litafika, anafukula m'bokosi kawailesi kakale kongomvera, n'kumangirira waya kunthambi ya mango. Anakhala pampando wawo, zomvera zili m'makutu. Inayamba mvula ija yowaza pa udzu. Ndipo 4 koloko itakwana, m'kati mwake munatuluka mawu a ku Ndola, ofooka koma omveka.

"Ba Tembo, ba Tembo, ni Daka kuno. Mwachoma bwanji kwa Mlonyeni?"

A Daka anasiya mpata, utali womwe uja ankasiya nthawi zonse kuti mnzawo ayankhe.

"Taswera bwino, achimwene, kaya inu," anatero bambo Tembo.

Mawuwo anagunda khoma la kachipindako n'kuthera pomwepo. A Daka anapitiriza kusimba za ulendo wawo wobwerera, za msewu, za ukwati, akusiya mpata pakutha pa nkhani iliyonse. Bambo Tembo anayankha mipata yonseyo, umodziumodzi, misozi ikutsikira m'ndevu. Mayi Consolata anabwera ndi tiyi, anaima pakhomo, n'kubwerera naye.

Inu amene mukumata mng'alu kuti alendo akutameni, kaya ndi pachitsulo, kaya ndi pabanja, kaya ndi pamtima, dziwani kuti penti sanyamula katundu. Chimene chaola m'kati chidzaulula chokha, ndipo chimasankha tsiku limene pabwalo pali anthu. Akuluakulu anaziona kale zimenezi, n'chifukwa chake anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.